Wachitatu Pashifiti Yathu

Ntchito yosamalira okalamba ndinaiyamba mwana wanga wamkazi atangolowa sekondale. Tinkakhala awiriwiri ku Braunstone, kuno kudziko la azungu, ndipo kuti ndikafike kuntchito ndinkakwera mabasi awiri, ina yonditula m'tauni, inayo yondifikitsa ku Evington. Kumeneko, kumapeto kwa msewu wa mitengo italiitali, kunali nyumba yaikulu ya njerwa zofiira yosungiramo okalamba odwala matenda oiwala, amene kuno amati dimenshiya.

Ine anandiika m'mwamba, komwe kunali amene matendawo anawalowerera kwambiri. Chitseko cha pamasitepe chinkatseguka ndi manambala. Ukangolowa umalandiridwa ndi fungo la mankhwala okolopera, la kabichi wowiritsa, ndi lina lija lomwe linamwerera m'kapeti moti silinkachokanso. Magalasi a m'zipinda zina tinkawaphimba ndi mathaulo, chifukwa eni zipindazo akadziona ankakuwa kuti mwalowa munthu wachilendo. Panali agogo ena amene ankavala chikhoti ndi chipewa kuyambira m'mawa, n'kuima pachitseko kudikira amayi awo kuti adzawatenge kusukulu. Panali enanso amene ankangoitana kuti “Thandizeni, thandizeni,” tsiku lonse, ngakhale uli pambali pawo utawagwira dzanja. Poyamba mawu amenewo ankanditsatira mpaka m'basi. Kenako ndinazolowera, monga munthu azolowerera phokoso la filiji.

Pamene ndinkayamba, m'mwambamo tinkakhalamo antchito anayi. Koma chakumapeto kwa 2018 anthu anayamba kusiya ntchito mmodzimmodzi. Ena anapita kuchipatala, ena kumaweyahausi, nyumba zosungira katundu za kufupi ndi msewu waukulu, komwe ankati katoni ndi yolemera koma sikumenya kapena kukulavulira. Olowa m'malo sankabwera. Masiku ena ejensi, kampani yobwereketsa antchito, inkatumiza munthu, masiku ena ayi. Mapeto ake tinatsala awiri, ine ndi mnzanga wa ku Chipata, mayi wamfupi wamphamvu zake, kuyang'anira okalamba pafupifupi makumi awiri. Kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwasintha, kuwadyetsa, kuwatembenuza ogona kuti asachite zilonda. Tinkauza amanijala kuti sizikutheka. Iwo ankayankha kuti nawonso auza eni nyumba, tipirire pang'ono.

Apa ndi pamene Asisitala anakhala wachitatu wathu.

Anali mmodzi wa okalamba athu, ndipo tinkawatchula choncho chifukwa kuyambira pa utsikana wawo mpaka kupuma ntchito anali mkulu wa manesi m'wodi, m'chipatala china cha mumzinda momwemo. Anali mzungu wamtali, woonda, wa imvi zoti mbuu, ndipo pachifuwa pa juzi yawo ankapachikapo kawotchi ka manesi komwe kanasiya kuyenda kalekale. Mwana wawo weniweni akabwera kudzawaona sankamuzindikira, ankamufunsa kuti wabwera kudzaona wodwala uti. Supuni ankatha kuiwala dzina lake. Koma kuyala bedi, manja awo sanaiwale. Ankayenda m'kolido manja ali kumbuyo, kusuzumira chipinda ndi chipinda, ndipo akapeza bedi lomwe ndayala mothamanga ankandiitana.

“Nesi, bwerani kuno. Ichi n'chiyani?”

“Pepani, Sisitala.”

“Yalaninso.”

Ndinkayalanso, iwo ataima pambali. Kukana kunali kudziputira tsiku loipa.

Anayamba ndi kupinda mathaulo. Kenako tinkawapeza akumwetsa tiyi mnzawo wina amene manja ake ankanjenjemera. Agogo oitana aja akafika povuta, Asisitala ankakhala pafupi n'kuwalankhula chapansipansi, ndipo ankatonthola kwa kanthawi. Amanijala ataona anati n'zabwino, munthu akamachita zomwe anazolowera mtima wake umakhazikika. Kunena zoona, ifenso tinapumirako. Tikakhala tonse awiri m'bafa ndi munthu mmodzi, tinkadziwa kuti m'launji, chipinda chochezera chija, muli maso ena akuyang'ana.

Nkhani ya mpando inayamba nyengo yozizira itangolowa. Tsiku lina masana ndinapeza Asisitala atakokera mpando wa m'launji mpaka pakhomo la chipinda cha agogo ena aakazi, atakhalapo nji, manja pamiyendo. Agogowo m'mawa mwake anali atadya phala lawo lonse, anandisekanso pamene ndinkawapesa. Ndinawauza Asisitala kuti abwere adzamwe tiyi.

“Sindingachoke,” anatero. “Uyu asasiyidwe yekha.”

Anakhala pamenepo mpaka mdima. Mawa lake chimodzimodzi. Sabata isanathe agogo aja anamwalira ali m'tulo, ndipo amene anawapeza anati zenera la m'chipindamo linali lotsegula pang'ono.

Ine sindinaganizepo kanthu. M'nyumba ngati imeneyo imfa si mlendo. Koma Khirisimasi ili pafupi mpando uja unapezekanso pakhomo lina, la abambo ena amene ankayenda okha bwinobwino. Nawonso sanachione chaka chatsopano.

“Asisi, Asisitala aja amaona vinthu,” anandiuza mnzanga wa ku Chipata tikudya chamasana choimirira m'kakhitchini. “Ine nayamba kuyopa.”

“Palibe zimenezo,” ndinamuyankha. “Munthu wakhala m'wodi moyo wake wonse. Amamva mmene munthu akupumira, amaona khungu. Ife timangothamanga, n'chifukwa chake sitiona.”

“Manje ngati n'choncho, bwanji adokotala sanaone?”

Koma ngakhale ndinkamutsutsa, ndinazindikira kuti m'mawa uliwonse ndikangotsegula chitseko cha pamasitepe, maso anga ankayamba ayang'ana m'kolido kuti mpando uli pati. Kunyumba nako, tsiku lina mwana wanga anasiya mpando pakhomo la chipinda changa atakwerapo posintha babu. Ndinamukalipira mopitirira muyeso. Anandiyang'ana n'kundifunsa m'Chingerezi chake chija ngati ndili bwino.

Kumapeto kwenikweni kwa kolido kunali chipinda cha abambo ena athupi lalikulu, amene kale ankagwira ntchito m'fakitale yoluka masokosi. Sitiroko inawalanda mawu ndi miyendo. Sankalankhula, sankaitana, sankavuta aliyense, ndipo anthu otero ndi amene amatsalira kumapeto antchito akachepa. Tinkawasintha, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa, koma kuwameta ndevu kapena kuwawenga zikhadabo tinkangoti mawa, mawa. Chomwe chinkayenda mwa iwo zinali zala za dzanja lamanja. Zinkangoyendayenda pamwamba pa bulangete ngati zikukoka ulusi pamakina, tsiku lonse.

Mu Januwale mpando unapita pakhomo pawo.

Tinawayeza kutentha kwa thupi, panalibe vuto. Tinachonderera amanijala mpaka anaitana dokotala, amene anawapima chifuwa n'kunena kuti ali monga analili miyezi yonseyi. Ndinayesa kubweza mpando m'launji. Ndikangotembenuka, ndinkamva miyendo yake ikukhwekhwereza pakapeti kubwerera kumapeto kwa kolido. Zinatero kwa masiku angapo, abambowo akudya bwino, zala zawo zikuluka.

Tsiku lomwe zinachitika kunja kunali chisanu choopsa, magalimoto onse atayera. Wa ejensi amene tinalonjezedwa anaimba kuti sabwera. Amanijala anali atapita kumsonkhano kwa eni nyumba. Titamaliza kudyetsa anthu chamasana, mayi wina wonenepa kwambiri anadziipitsira thupi lonse, n'kuyamba kudzipaka m'manja ndi m'tsitsi. Munthu wotero sanyamulidwa ndi mmodzi. Pamafunika hoisti, makina onyamulira aja, ndipo lamulo lake ndi lakuti pakhale anthu awiri. Ndinaimbira anzathu a pansi kuti wina akwere adzatiyang'anire launji. Anati nawonso ali awiri, ndipo wina wagwa. Tinayang'anana ndi mnzanga, n'kukankha hoisti kulowa m'bafa, n'kutseka chitseko.

Tinakhalitsamo. Mayiyo ankalira, kumenya madzi, kutigwira tsitsi. Tinamusambitsa kawiri chifukwa titangomaliza koyamba zinachitikanso. Pamene tinkamukhazika pampando wake wamatayala, atavala zoyera, kuwala kwa pazenera la bafa kunali kutayamba kale kufiira, monga kumachitira kuno dzuwa likamalowa anthu asanaweruke.

Nditatsegula chitseko chinthu choyamba chomwe ndinamva chinali chete. Nthawi imeneyo ya madzulo ndi imene okalamba athu ankavuta kwambiri, wina kufuna kupita kwawo, wina kufunafuna ana ake, wina kugogoda matebulo. Koma tsiku limenelo kunali zii. Ngakhale “Thandizeni” uja sankamveka.

Tinasuzumira m'launji. Wailesi ya kanema inali yozimitsa. Makatani onse anali otseka. Okalamba anali atakhala m'mipando yawo mowongoka, manja pamiyendo, ngati anthu amene auzidwa kuti adikire. Agogo a chikhoti aja anali atavula chipewa, atachigwira pachifuwa. Palibe anatiyang'ana.

“Yesu wanga,” ananong'ona mnzanga. “N'chani ichi?”

Kenako ndinamva mphepo yozizira ikundipita m'miyendo, ikuchokera kumapeto kwa kolido. Mpando unali pamalo pake, koma wopanda munthu. Chitseko cha abambo aja chinali chotseka, mphepoyo inkadutsa pansi pake.

Sindikumbuka kuti ndinathamanga kapena ndinayenda. Ndimangokumbuka kuzizira kwa chogwirira chitseko m'dzanja langa. M'katimo zenera linali lotsegula mpaka pomwe limathera, katani ikuuluzika. Patebulo panali beseni la madzi, sopo, lumo lometera ndevu ndi thaulo lopindidwa bwino, zonse zochokera pa tilole yathu yokankhira zipangizo yomwe tinaisiya m'kolido pothamangira kubafa. Mabulangete anali atapindidwa n'kuikidwa pampando. Pabedi panali nsalu yoyera yokha, yoyalidwa mosalala kuchokera kumapazi mpaka kuphimba mutu. Asisitala anali ataima kumiyendo kwa bedi, manja a juzi atawapinda mpaka m'zigongono.

“Mwachedwa, nesi,” anatero mofatsa. “Ndamaliza kale. Mukhoza kuitana abale.”

Kwathu ndinathandizapo amayi a kumpingo kusambitsa maliro, choncho ndinadziwa chomwe ndikuona. Ndinavundukula nsaluyo pang'onopang'ono. Anali atawamanga chibwano ndi bandeji yozungulira kumutu, mfundo yake ili pamwamba. M'maso anali atawaika timathonje tonyowa. Ndevu zonse zinali zitametedwa, popanda ndi pamodzi pomwe potemeka. Tsitsi linali lopesedwa, mzere uli pambali. Zovala anali atawavula, manja atawawongola m'mbali mwa thupi. Khungu lawo linali lotuwa, lozizira ngati khoma.

Mnzanga anagwada pakhomo n'kuyamba kupemphera mokweza. Ine ndinaika zala pakhosi pa abambowo, koma sindinkadziwa ngati ndikumva mtima wawo kapena wanga. Ndili chiweramire choncho, ndinamva kukanda pansalu. Ndinayang'ana pansi. Zala za dzanja lamanja zinali zitayamba kuyenda, pang'onopang'ono, kukoka ulusi wawo uja.

“Ali moyo!” ndinakuwa. “Tseka zenera! Bweretsa mabulangete!”

Ndinachotsa timathonje tija. Maso anali otsegula pansi pake, akundiyang'ana, misozi ikutsikira m'makutu. Sindidziwa kuti anagona choncho nthawi yaitali bwanji, akumva zonse, osatha kunena kanthu. Ndinamasula bandeji, pakamwa panatseguka, mpweya n'kulowa ndi kaphokoso.

Asisitala sanadzidzimuke ngakhale pang'ono. Anapenda mutu n'kuyang'ana zala zija.

“Nthawi zina amachita choncho,” anatero. “Musamuvutitse, nesi. Ndipo zeneralo lisiyeni, mzimu wake usowa potulukira.”

Mnzanga atalitseka, iwo anapita kukalitsegulanso. Mnzangayo anachita kuwagwira mapewa n'kuwatulutsa, iwo akudandaula kuti manesi a masiku ano alibe mwambo. Ine ndinaimba foni ya ambulansi, kenako ndinakwera pabedi n'kuwafungatira abambowo pamwamba pa mabulangete kuti kutentha kwanga kuwalowe. Ankanunkhira sopo. Kudzera pachitseko ndinkamva kuti m'launji mukadali chete, mpaka pamene a ambulansi anatsegula chitseko cha pamasitepe. Pamenepo m'pamene mawu aja anayambiranso, “Thandizeni, thandizeni,” ndipo onse anayamba kulongolola nthawi imodzi.

Abambowo anawagoneka m'chipatala. Anapezeka ndi chibayo, ndipo sanabwererenso kwa ife. Anamwalira mwezi womwewo usanathe.

Mnzanga ankati Asisitala anaona imfa ikubwera, anangofulumira pang'ono. Madokotala anati chinawapha ndi kuzizira kwa tsiku lija. Ine mpaka lero sindidziwa kuti ndiime pati. Chomwe ndikudziwa n'chakuti pakanakhala munthu mmodzi yekha m'kolido masana amenewo, akanawabweza Asisitala pakhomo pomwe.

Kunabwera anthu a kukhansolo ndi ena oyendera nyumba za okalamba. Anatiitana mmodzimmodzi mu ofesi. Mayi amene ankandifunsa anali waulemu, anandipatsa madzi.

“Munali kuti nthawi imeneyo?”

“M'bafa, ndi hoisti.”

“Nonse awiri?”

“Lamulo limatero.”

“Nanga amayang'anira enawo anali ndani?”

Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule Asisitala, n'kuzindikira mmene zimvekere. Ndinangoti panalibe. Kenako ndinawauza zonse, kuyambira pa mathaulo mpaka pa mpando. Za mpandozo anangogwedeza mutu, anafunsitsa za kuchuluka kwa antchito. Amanijala ndinawapeza akulira m'galimoto mwawo madzulo ake. Patapita milungu ingapo anachoka, kunabwera ena. Antchito anawonjezedwa, m'mwamba tinakhalanso anayi, zotchingira zinaikidwa pamazenera kuti asamatseguke kwambiri, tilole inkakhomeredwa m'kabati. Zinayenda choncho mpaka nyengo yotentha, kenako anthu anayambanso kuchoka. Mnzanga wa ku Chipata anali woyamba. Anati sangathenso kuyenda m'kolido imeneyo, anakalowa kuweyahausi.

Asisitala anawasamutsira kunyumba ina ya chakufupi ndi Derby, komwe amasunga amene akuonedwa kuti angavulaze anzawo. Tsiku lonyamuka anadzuka ali osangalala, ankaganiza kuti awakweza paudindo kupita kuwodi ina. Anatigwira chanza tonse. Atafika pa ine anandikonza kolala ya yunifomu.

“Inu mudzakhala nesi wabwino,” anatero. “Koma muzifulumira.”

Mwana wawo anabwera Loweruka lotsatira kudzalongedza katundu. Anali mayi wamkulu kuposa ine, nayenso imvi zitayamba. Anandipempha kuti ndimuthandize kupinda zovala. Tinagwira ntchitoyo limodzi, kuika majuzi m'masutikesi, zithunzi m'katoni. Kenako anakhala pabedi lopanda nsalu lija, atagwira nsapato za amayi ake.

“Anandiuza kuti ndinu munawapeza,” anatero.

“Eya, ndine.”

“Ndakhala ndikufuna kulembera banja la abambo aja, koma sindidziwa kuti ndinganene chiyani. Amayi anga sanapwetekepo munthu moyo wawo wonse. Ife ana tinkawaona pang'ono, nthawi zonse anali kuchipatala.” Kenako anandiyang'ana. “Ndikufunseni chinthu chimodzi, musandione ngati wamisala. Kodi anachita bwino? Ndikutanthauza, anawasambitsa moyenera?”

Ndinaganiza kaye ndisanayankhe, chifukwa sindinkafuna kumunamiza.

“Mayi,” ndinatero, “chiyambire kugwira ntchito muno, abambo aja sindinawaonepo ali oyera ngati tsiku limenelo. Anawawenga ndi zikhadabo zomwe. Anawapukuta mpaka kuseri kwa makutu.”

Anagwedeza mutu kangapo, n'kuphimba nkhope ndi manja. Ndinafuna kukhala naye pang'ono, ndinali nditaika kale dzanja paphewa lake. Koma belu linalira m'chipinda china, kenako linanso, ndipo mnzanga watsopano anasuzumira pakhomo kundiuza kuti akufuna munthu wachiwiri pa hoisti. Ndinamusiya mayiyo ali pabedipo ndi nsapato zija, n'kupita.